Kumvera nyimbo za classical pakhomo: mafunso amene ndimafunsidwa kuno ku Mzuzu

Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chibavi, ndipo ndaimba tenala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kwa zaka zambiri. Kusukulu ya nyimbo sindinapondeko. Zimene ndikudziwa ndazidziwira pampando wa pabalaza, ndi wailesi yakale ya ma CD imene ndinagula kwa mnzanga amene ankasamukira ku Karonga. Anthu akamva zimene zimalira m'nyumba mwanga ena amaseka, ena amafunsa. Mafunso awa ndi amene amabwerabwera. Ena ndi a ana asukulu, ena a anzanga a m'kwaya, ndipo limodzi ndi la mayi a kunyumba kwanga.

Adada, nyimbo za classical ndi ziti kwenikweni? Ndi zija amaika pa wailesi kukagwa maliro a munthu wamkulu?

Zinazo ndi zomwezo, n'chifukwa chake ambiri timaziyesa nyimbo za chisoni. Koma kutero kuli ngati kunena kuti m'nyanja monse muli usipa wokhawokha chifukwa ndi umene umafika pa Zigwagwa tsiku ndi tsiku. Zilipo zovina, zachikondi, zankhondo, zakutchalitchi, zina zongoseketsa.

Chimene chimazimanga mtolo umodzi ndi pepala. Wopeka amalemba zonse: chida chakuti chiimbe chakuti, apa mofewa, apa mokweza, apa mupume. Iye akamwalira pepala limatsala, ena n'kumaliimba. Mwambo umenewu unakulira ku Ulaya. Bach ndi Handel anabadwa chaka chimodzi, 1685, ku Germany. Mozart anabadwa mu 1756 n'kumwalira ali ndi zaka 35 zokha. Beethoven anamwalira mu 1827, Tchaikovsky wa ku Russia mu 1893. Palibe makina amene anajambula Bach, Mozart kapena Beethoven akuimba. Zimene timamvera ndi anthu a m'mbuyo muno akuwerenga mapepala awo.

Apa ndi pamene zimasiyana ndi nyimbo za bandi. Woimba wa bandi akatulutsa chimbale, chimbalecho ndiye nyimboyo. Izi zili ngati nyimbo ya m'buku la kutchalitchi: nambala ndi imodzi, koma a ku Ekwendeni ndi a ku Katawa sangaiimbe mofanana.

Sindinamvepo ngakhale imodzi. Ndiyambire pati?

Mwamvapo, kungoti palibe anakuuzani dzina lake. Nyimbo imene imalira osewera a Champions League akandanda pabwalo, ija imakhalitsa chete anyamata m'mavidiyo sho a ku Chiputula, anaikonza Tony Britten mu 1992 potengera Zadok the Priest, imene Handel anapeka mu 1727 polonga ufumu George II wa ku Britain. Kakulira kaja ka mafoni akale a Nokia ndi kachidutswa ka Gran Vals, nyimbo ya gitala imene Francisco Tárrega wa ku Spain analemba mu 1902. Imene wa kiyibodi amakonda kuimba akwati akamatuluka m'tchalitchi ndi ya Mendelssohn.

Yambani ndi zazifupi. Ngati ndinu wa kwaya, Ave verum corpus ya Mozart ndi ya mphindi zitatu zokha, ndipo mawu anayi onse amamveka bwinobwino. Ngati mumakonda zothamanga, tengani chigawo choyamba cha Symphony No. 5 ya Beethoven, mphindi zisanu ndi ziwiri. Kwa ife a kuno ndimakonda kupereka The Four Seasons ya Vivaldi, yosindikizidwa mu 1725, imene imajambula nyengo zinayi za kwawo ku Italy. Nyengo zawo si zathu, komabe chigawo cha nyengo yozizira munthu wa ku Mzuzu safunika womumasulira. Mavayolini amanjenjemera, mano amagundana, ndiye pakati pake pamabwera kanyimbo ka munthu amene wakhala pamoto kunja kukuwaza mvula, oimba akudodola nsambo ndi zala kuti timadontho timveke. Ndi Julaye wathu weniweni.

Musatenge zambiri. Imodzi, muimvere sabata yonse.

Zambiri zilibe mawu. Ndiye ndizimvera chiyani?

Funso ili ndi limene ndimalikonda, chifukwa ofunsa ake ndi anthu amene khutu ali nalo kale koma sadziwa.

Munthu amene anakhalapo pabwalo la vimbuza amadziwa kuti ng'oma zija sizinena chimodzi. Ina imagwira njira osasuntha, ina imayankha, yaikulu imatsata mapazi a wovina. Palibe amafunsa kuti ng'omazo zikutanthauza chiyani, timangotsata mmene zikulankhulirana. Amene waona malipenga a ku Nkhata Bay amadziwa mmene zikho zija zimalandizirana nyimbo. Ndipo aliyense amene anaima m'kwaya amatha kugwira alito wake sopulano ali m'khutu lina, besi akugunda kumbuyo. Luso lofunika ndi lomweli, palibenso lina. Mu orchestra, gulu lalikulu la oimba zida, mavayolini ndiwo sopulano ndi alito, viola ili pakati, cello ndi double bass ndiwo madoda a kumbuyo aja. Gulu la anthu anayi lotchedwa string quartet ndi kwaya yeniyeni ya nsambo.

Yesani izi. Ikani chigawo choyamba cha Symphony No. 5 ija. Chimayamba ndi kugogoda kanayi, katatu mofulumira kenaka kamodzi kokoka: ta-ta-ta-taaa. Ulendo woyamba musachite china koma kuwerenga kuti kugogodako kwabwera kangati, ndipo kwatulukira pati. Mudzataya chiwerengero, musadandaule. Mudzaona kuti Beethoven wamanga nyumba yonse ndi njerwa imodzi yomweyo: pena yagona, pena yaima, pena malipenga aiponya kwa mavayolini, pena yabisala pansi kwa a besi. Ulendo wachiwiri siyani nyimbo yapamwamba, tsatani besi yekha, monga mmene kwayamasitala amachitira akafuna kugwira amene akusokoneza. Ulendo wachitatu dikirani pamene gulu lonse limangoti zii, chitoliro chimodzi chotchedwa oboe n'kutsala chokha, chikudandaula kwa masekondi ochepa ngati mwana amene wasiyidwa pakhomo ena atapita kumunda. Ine ndinamva nyimboyi kwa zaka ziwiri ndisanakazindikire kamphindi kameneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yophunzirira zida ndi Boléro ya Ravel wa ku France, ya mu 1928. Kwa mphindi pafupifupi 15 kang'oma kakang'ono kamagunda mofanana osasintha, nyimbo ziwiri zokha n'kumasinthana, koma nthawi iliyonse chida china ndicho chimazinyamula, ndipo phokoso limakula pang'onopang'ono mpaka nyumba kudzaza. Mukaionera pa kanema kamodzi, mudzadziwa nkhope ya chida chilichonse ndi liwu lake.

Ngati m'mutu mwanu mukubwera zithunzi, msewu wa ku Chikangawa m'nkhungu kapena agogo anu akupeta mpunga, musazithamangitse. Palibe mayeso.

Maina ake bwanji ngotalika chonchi? Symphony No. 5 in C minor, Op. 67: I. Allegro con brio. Chimenechi n'chiyani?

Ndi keyala chabe. Symphony ndi mtundu wa nyimbo, ya gulu lonse la orchestra. Pakalembedwa concerto ndiye kuti pali mmodzi wotsogola, wa piyano kapena vayolini, akuyankhana ndi gulu, ngati woyambitsa nyimbo ndi ovomereza. Sonata ndi ya munthu mmodzi kapena awiri. No. 5 ndiye kuti ndi yachisanu mwa ma symphony asanu ndi anayi a Beethoven. C minor ndi kiyi. Inu a sol-fa, major ndi nyimbo imene imakapumira pa doh, minor imakapumira pa lah, n'chifukwa chake imamveka ngati kunja kwachita mitambo. Op. 67 ndi nambala ya pa mndandanda wa zimene anasindikiza. Za Mozart zimayenda ndi K, chilembo choyamba cha dzina la Köchel amene anazindandalika mu 1862, za Bach ndi BWV.

Mawu otsirizawo ndi a Chitaliyana, ndipo amauza oimba liwiro. Allegro ndi mofulumira, Presto ndi liwiro la mtondo wadooka, Andante ndi kuyenda kwa munthu amene sakuchedwa komanso sakuthamangira basi, Adagio ndi Largo ndi modekha. Posaka pa intaneti, nambala ija ndi imene imakupulumutsani. Mozart analemba ma concerto a piyano oposa 20, koma K. 467 ndi imodzi yokha.

Imatha, kenaka n'kuyambanso ina yosiyana. Foni yanga yasokoneza?

Ayi. Nyimbo zazikulu zimakhala ndi zigawo, kawirikawiri zinayi pa symphony, zitatu pa concerto, ndipo foni imazionetsa ngati nyimbo zosiyana. Zimitsani shuffle. Kumva chigawo chachinayi chisanafike choyamba kuli ngati kulandira mbale ya ndiwo mutasamba kale m'manja kuti mwatha kudya.

Pena sizimveka, ndikakweza zimandidzidzimutsa. Vuto ndi wailesi?

Wailesi ilibe mlandu. Nyimbo za masiku ano amazipanikiza mu situdiyo kuti ziziphokosera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti zimveke ngakhale mu minibasi. Za classical amazisiya mmene zinamvekera muholo, kunong'ona kukhale kunong'ona, bingu likhale bingu. Opeka ake ankachita dala. Haydn, mu Symphony No. 94 imene inaimbidwa koyamba ku London mu 1792, amakunyengererani ndi kanyimbo kofewa ngati koguguzira mwana, kenaka gulu lonse n'kumenya kamodzi, phaa! Mlamu wanga anataya tiyi pa malaya tsiku limene ndinamuikira, ndipo mpaka lero amati ndinapangana naye Haydn.

Njira yake ndi iyi: pezani pamene nyimbo yakwera kwambiri, ikani voliyumu poti pamenepo pasakupwetekeni, ndiye musakhudzenso. Zofewazo zisiyeni zikhale zofewa. Ngati sizikumveka, chochepetsa ndi phokoso la m'nyumba, osati kukweza wailesi.

Apa ndiye pali vuto lathu lenileni. Mzuzu ndi wa mvula, ndipo mvula ya Malichi pa malata opanda siling'i imameza chilichonse. Ikayamba ndimangozimitsa, palibe Mozart amene angalimbane nayo. Masana kuli chigayo, njinga zamoto, ana, ndi sabufa ya oyandikana nawo. Nthawi imene ndinapeza ndi mbandakucha, cha m'ma 4 koloko, atambala asanalimbike, kapena usiku magetsi akazima. Anthu amadandaula magetsi akathima, inenso ndimadandaula za firiji, koma chete amene amagwa pa Chibavi nthawi imeneyo simungamugule. Foni ikhale yotchaja, mahedifoni pafupi.

Ndilibe ndalama za zida zodula. Foni ndi sabufa sizingakwane?

Foni ikwana. Sipika ya foniyo ndi imene singakwane, chifukwa imadula mawu onse apansi, ndiye mumamva kwaya yopanda besi. Ndalama yoyamba ipite ku mahedifoni abwinoko, a waya, makamaka ophimba khutu lonse. Tija ta pamsika tolira ngati udzudzu tisiyireni kuyankhira foni. Pogula tengani foni yanu ili ndi nyimbo imene mukuidziwa, muyesere pomwepo. Piyano ikamveka ngati mbale za zitsulo zikugundana, bwezani. Ndipo samalani makutu: bungwe la WHO limalangiza kuti voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100 alionse.

Sabufa ndi nkhani ina. Anaipangira kugunda pachifuwa, ndipo ambiri timapotokola besi mpaka kumapeto. Mukatero cello imasanduka galimoto ya matabwa ikukwera chitunda. Bwezani besi pakati kapena kuchepera apo. Timasipika tiwiri tija musatiunjike pamodzi pamwamba pa kabati. Kena kumanzere, kena kumanja, motalikirana ngati mikono iwiri, pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, inu n'kukhala pakati ngati fuwa lachitatu la pamoto. Mukakhoza, mavayolini adzamveka kumanzere, ma cello ndi ma double bass kumanja, zitoliro pakati, ng'oma kumbuyo, monga mmene magulu ambiri amakhalira pa nsanja. Tsiku limene ndinamva zimenezi koyamba ndinadzuka kukayang'ana kuseri kwa kabati.

Chipinda cha simenti chopanda kanthu chimabweza mawu. Mphasa pansi, makatani, mipando ya nsalu, shelefu ya mabuku, zonsezi zimathandiza kuposa waya wodula.

Ndizipeza kuti? Koika nyimbo m'mamemori khadi sazidziwa.

Ndinayesapo m'tauni. Mnyamata wake anandifunsa kuti, "Beethoven ndi wa gospel kapena wa amapiano, madala?" Sindinamuimbe mlandu, amasunga zimene anthu amafuna.

Pa YouTube zilipo zochuluka, ndipo zina amaziika ndi eni ake. Netherlands Bach Society ikujambula nyimbo za Bach n'kumazipereka ulere. Gulu la wailesi ya ku Frankfurt, hr-Sinfonieorchester, limaika makonsati athunthu ojambulidwa bwino. Pa mawebusayiti a Musopen ndi Internet Archive pali zojambulidwa zimene mungatsitse mwalamulo. Spotify inafika kuno mu 2021. Kumbukirani kuti ngakhale wopeka anamwalira kalekale, chojambulidwacho chili ndi eni ake, oimba ndi kampani imene inawajambula.

Za bandulo, masamu ake ndi awa. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps imadya 2.4 MB. Symphony No. 9 ya Beethoven, imene imatenga mphindi pafupifupi 70, ndiye kuti 70 MB kapena 170 MB. Kanema amadya kuposa apa kutalitali. Choncho onerani kamodzi kuti muone zida, koma zobwerezabwereza zikhale za mawu okha, zotsitsiratu pamene mwapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku. Memori khadi ya 32 GB imasunga maola oposa 200 pa 320 kbps. Ine ndimasankha 320 chifukwa pa 128 mavayolini amachita ngati akuimbira m'madzi. FLAC, mtundu wina wa fayilo ya nyimbo, ndi yabwino koposa koma ndi yolemera, ndipo pa mahedifoni wamba kusiyana kwake ine sindikumva.

Ma CD nthawi zina amatuluka m'makatoni a katundu wa kaunjika, ndipo wogulitsa amasangalala kuti achoke. Ayang'aneni padzuwa ngati alibe mikwingwirima yakuya. Chinyezi cha kuno chimawameretsa nkhungu, ndiye asungeni m'makontena awo, kutali ndi khoma. Popukuta yambirani pakati kupita kunja, osati mozungulira.

Nyimbo imodzi yomweyo ili ndi zojambulidwa mazana. Yeniyeni ndi iti?

Zonse ndi zenizeni, ndipo apa ndi pamene kukoma kumayambira. Pepala limati Allegro, koma silinena kuti mofulumira bwanji. Limati mofewa, koma kufewa kwa wina ndi kukuwa kwa mnzake.

Chitsanzo chimene ndimapereka ndi Glenn Gould, woimba piyano wa ku Canada. Anajambula Goldberg Variations ya Bach mu 1955 ali mnyamata, n'kuimaliza m'mphindi pafupifupi 38, zala zikuthamanga ngati wa sakaramento akutsetsereka ku Masasa. Anaijambulanso mu 1981, chaka chimodzi asanamwalire, ndipo inatenga mphindi 51. Munthu yemweyo, pepala lomwelo. Kanyimbo koyambirira, kamene mu 1955 kamayenda mopepuka, mu 1981 kamaponda phazi limodzilimodzi ngati munthu wochokera kumanda. Pa mahedifoni mudzamumva akung'ung'udza pansipansi uku akuimba, musayese kuti m'nyumba mwalowa munthu. Ine ndimakonda ya 1981. Mnzanga wina wa besi amati imamutopetsa, ndipo takhala tikukangana za izi kwa zaka zambiri popanda wogonja.

Pa Symphony No. 5 ambiri amaloza ya Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic, yojambulidwa mu 1974, ndipo ndikuvomereza, ili ndi moto. Zakale kwambiri zimakhala ndi kaphokoso ka shiii ngati mafuta ali pamoto. Pablo Casals anajambula nyimbo zisanu ndi imodzi za Bach za cello yokha pakati pa 1936 ndi 1939, kaphokosoko kalimo, koma pakatha mphindi ziwiri khutu limakaiwala. Poyamba musavutike ndi kusankha. Tengani imene mwaipeza, muidziwe mpaka muziing'ung'udza posamba. Mukadzamva ina m'pamene mudzati, "Aa, apa bwanji wathamanga?" Tsiku limenelo ndiye kuti mwalowa.

Koma aphunzitsi, si nyimbo za azungu izi? Ife zikutikhudza bwanji?

Amene amafunsa izi kawirikawiri amakhala atavala jezi ya Arsenal, koma funsolo ndi loona ndipo sindilizemba. Inde, mwambowu unakulira ku Ulaya, m'matchalitchi ndi m'nyumba za mafumu, ndipo kuno unafika ndi amishoni pamodzi ndi zina zimene zinanyoza ng'oma zathu. Zimenezo zinachitika.

Koma taonani zimene makolo athu anachita nazo. Sol-fa imene John Curwen anafalitsa ku England inafika m'masukulu a mishoni ya Livingstonia, anthu a kuno n'kuitenga kukhala khasu lawo. Ku Embangweni, m'masiku a mmishonale Donald Fraser, Angoni ankapeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a kwawo, ndipo za anthu ngati Mawelera Tembo ndi Charles Chinula zinalowa m'buku la nyimbo la Sumu za Ukhristu, zikuimbidwa mpaka lero. Nyimbo ya fuko lathu, imene Michael Sauka anapeka ndipo tinayamba kuiimba mu 1964, timaiimba m'mawu anayi omwewo amene Bach ankalembera kwaya yake ku Leipzig. Tili m'katimo kale.

Ndipo anthu akuda sanayambe dzulo. Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, anabadwira ku Guadeloupe mu 1745 kwa mayi amene anali kapolo, n'kudzakhala katswiri wa vayolini, wopeka, ndi wotsogolera orchestra ku Paris. Sonata ya Beethoven yotchedwa Kreutzer anaiimba koyamba mu 1803 ndi woimba vayolini George Bridgetower, mwana wa bambo wakuda, Beethoven mwini ali pa piyano. Samuel Coleridge-Taylor, amene bambo ake anali a ku Sierra Leone, anagwedeza England mu 1898 ndi Hiawatha's Wedding Feast. Symphony yoyamba ya Florence Price inaimbidwa ndi Chicago Symphony Orchestra mu 1933. Fela Sowande wa ku Nigeria analemba African Suite pa nyimbo za kumadzulo kwa Africa. Lero kuli Pretty Yende wa ku South Africa, amene anaimba polonga ufumu Charles III mu 2023, ndi Abel Selaocoe, amene amaimba cello uku akuimba pakamwa m'Chisotho. Yambani ndi ameneyu ngati mukukayika.

Sindinasiye kumvera zathu. Lamlungu kunyumba kwanga kumalira Bach masana, madzulo gitala za kwathu kuno, ndipo palibe amene amachita nsanje.

Ndinamva kuti mwana akamamvera Mozart amakhala wanzeru. N'zoona?

Nkhaniyi inachokera pa kafukufuku wa mu 1993 ku University of California, Irvine. Anayesa ophunzira a kukoleji, osati makanda. Atamvera Mozart kwa mphindi 10 anakhoza bwinoko mayeso a mtundu umodzi, ndipo phindulo linatha pasanapite mphindi 15. Zina zonse anawonjezera ndi amalonda. Muikireni mwana Mozart ngati akumukonda. Masamu aziwerengabe.

Ndikangoika ndimagona. Ndiye kuti si zanga?

Ndiye kuti mwatopa. Munthu amene wachoka m'mawa ku Luwinga, waima tsiku lonse, wadya nsima ya kondowole, ndiye n'kugona chagada ndi Adagio m'makutu, angayembekeze chiyani? Khalani tsonga pampando, kapu ya khofi wa kwathu konkuno m'manja, musankhe yothamanga, ndipo mphindi 10 zikwana. Inenso Messiah ya Handel yonse, maola awiri ndi theka, sindinaimalizepo osaodzera pakati.

Kwaya yathu ikufuna kuphunzira Hallelujah ya Handel. Kumvera zojambulidwa kungatithandize?

Kwambiri, koma mosamala. Hallelujah ndi kachigawo kamodzi ka Messiah, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Makwaya athu amaikonda, ndipo matenda athu ndi amodzi: timaikuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pofika kumapeto a sopulano mawu atawathera. Mverani gulu lodziwa, mudzadabwa kuti pakati pake pali malo amene amatsika n'kuimba mofatsa ngati pemphero, ndipo n'chifukwa chake kukwera kotsatirako kumagwedeza. Mudzamvanso kuti mpata wa chete uja, Hallelujah womaliza asanabwere, amausunga onse pamodzi, popanda mayi mmodzi wolowa msanga.

Mverani muli pamodzi, mapepala a sol-fa ali m'manja, liwu lililonse likutsata mzere wake ndi chala. Kenaka zimitsani, muimbe nokha. Musayese kutengera kamvekedwe ka mawu a anyamata a kwaya ya ku Cambridge, ku England. Besi wa kuno ali ndi kulemera kwake kumene iwowo alibe, ndipo ndi tchimo kukutaya. Tengani kapumidwe, kalowedwe, ndi kudziletsa.

Abambo, kodi zoliralira zanuzi sizingadikire mpaka ife titagona?

Ili ndi la mayi a kunyumba, ndipo yankho lake linali lakuti inde, zingadikire. Pabalaza si panga ndekha. Tinagwirizana kuti masipika ndi anga Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi, masiku ena ndi mahedifoni. Ndinaphunziranso kusauza munthu kuti, "Khalani pansi mumve ichi." Palibe chimene chimathamangitsa anthu ngati chimenecho, ana anga ndi mboni.

Lamlungu lina m'mwezi wa Juni, kunja kukuwaza kamvula kaja kosatha, ndinaika Symphony No. 9 ya Dvořák, imene analemba ali ku America mu 1893, nthawi imene mnyamata wakuda wotchedwa Harry Burleigh ankamuimbira nyimbo za makolo ake a m'ukapolo. M'chigawo chachiwiri muli chitoliro chotchedwa cor anglais, chimene chimaimba nyimbo yapang'onopang'ono, ya munthu wolakalaka kwawo. Mayi anali kukhitchini akusankha nyemba. Sananene kanthu. Patapita masabata awiri, ndikufunafuna choika, ndinangomva kuchokera kukhitchini komweko: "Abambo, taikani ija ya chitoliro cha chimfine ija."

CD imeneyo tsopano imakhala pamwamba pa firiji, pafupi ndi buku lawo la nyimbo, ndipo ndikaifuna ndimachita kupempha.